Matope a ku Baltimore

Madalo anali akukwecha kampira pasinki pamene foni inalira. Anapukuta manja pachitenje n'kuyankha. Anali Tiffany, mwana wa amalume ake.

"Adadi atulutsidwa m'chipatala," anatero Tiffany. "Tili mu takisi. Kunyumbako kuli bwanji, kazeni?"

"Ambuye alemekezeke! Nyumba ikuwala, mudzaona nokha."

Chifikireni ku Birmingham kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, Madalo ankakhala kwa amalume akewo, a Willard, ku Bordesley Green. Analibe chowathokoza nacho koma manja ake. Iwo atagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, iye anachapa makatani, anakolopa mpaka kuseri kwa filiji. Chotsala chinali kampira kachikopa kosokedwa ndi ulusi wofiira, kamene kankakhala pashelefu pafupi ndi chithunzi cha malemu anti Sellina. Kanali kakuda ngati kotola m'dambo. Jiki ndi burashi zinagwira ntchito yake, kampira kanayera ngati dzira. Anakabwezera pamalo pake.

A Willard analowa pang'onopang'ono atatsamira ndodo. Maso awo anapita pashelefu, monga mwa masiku onse. Anaima.

"Wagwira mpira uwu ndani?"

"Ndine, amalume. Unada kwambiri."

"Unada! Wakutuma ndani? Wabwera dzanadzanali, lero ukuchapa ndi zimene sukuzidziwa? Bwanji sunandichape ine ndi jikiyo?"

"Dad, please," anatero Tiffany.

Madalo anagwada pakapeti, mutu pansi.

A Willard anakhala pampando n'kumautembenuza mpirawo m'manja. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali otsika.

"Mu 1995 ine ndi anti ako tinali manesi ku Baltimore, ku Amereka. Mumzindamo munali wosewera baseball, masewera omenya kampira ndi chibonga, amene sankajomba. Chaka ndi chaka, kaya wabinya mwendo, iye m'bwalo basi. Rekodi yakale inali magemu 2,130 otsatizana, ndipo anthu ankati palibe adzaifike. Iye anaidutsa. Ife tinaonera pa TV ya mu wodi. Bwalo lonse linaimirira, gemu inaima, anthu akungoomba m'manja osatopa. Anti ako malamulo a masewerawo sankawadziwa n'komwe. Anangogwira m'chiuno, amvekere, 'A Willard, munthu akumuombera m'manja chifukwa chobwera kuntchito! Nanga ife?'"

Tiffany anaseka pang'ono, kenako anapukuta maso.

"Patapita masiku Sellina anandikoka kuti tikamuone munthuyo ndi maso. Tili chikhalire, mpira wina unamenyedwa mokhota n'kugwera pamiyendo pake. Anakuwa ngati waona njoka." A Willard anasisita mpirawo ndi chala. "Mpira wam'gemu, Madalo, amaupaka matope dala usanalowe m'bwalo, kuti usaterere m'manja. Woyera chonchi ndi wam'shopu. Sellina anali waukhondo kuposa iwe, koma uwu wokha sanaupukutepo. Ankati matopewo ndi thukuta la munthu wosajomba."

"Sindinadziwe," anatero Madalo motsitsa.

Tiffany, posowa chochita, anayamba kumasula chikwama chakuchipatala. Anatulutsa masilipasi, Baibulo, kenako fulasiki yobiriwira.

"Fulasiki yako iyi, kazeni. Manesi akuti moni. Amakutcha 'the porridge lady', mayi waphala. Akuti chigonekedwere adadi sunaphonye tsiku ndi limodzi lomwe, ngakhale tsiku lamvula lija mabasi atavuta. Kuchoka pa shifiti, phala m'manja."

Madalo anatambasula manja awiri kulandira fulasikiyo. A Willard anawaona manjawo. Anali otuwa, ong'aluka m'mfundo za zala chifukwa cha jiki ndi kuzizira. Anakumbukira phala lotentha lija, la nsinjiro, limene ankamwa osafunsa kuti lafika bwanji.

Anayang'ana chithunzi cha akazi awo nthawi yaitali. Kenako anagwira ndodo n'kuyamba kudzuka movutikira. Tiffany anafuna kuwagwira mkono, koma anamukaniza. Ataima bwinobwino, anaika mpira woyera uja pambali pa chithunzi n'kutembenukira kwa Madalo.

"Dzuka, mwana wa mlongo wanga. Anti ako akanakhalapo, bwenzi ataimirira kukuombera m'manja. Ine ndalowa n'kukalipa. Ndalakwa, Madalo. Ndikhululukire."