Maina a Pansi pa Benchi

Efulemu Kachala anagula Landirova yakale ya boma pa okushoni mu Lilongwe chaka chimene fodya anamuyanja. Maganizo ake anali a matola, kunyamula anthu ndi matumba pakati pa Mitundu ndi Nathenje tsiku ndi tsiku. Chimene sanachiganizire, m'chimwemwe chakecho, ndi mtundu wa galimotoyo. Inali yotuwa, kumbuyo kotseka, yofanana ndendende ndi zija zinkaima pakhomo pa munthu, munthuyo n'kukwera, osadzaonekanso.

Atafika nayo pamsika, amayi a tomato anazyolika. Amuna a pabawo anakumbukira onse nthawi imodzi kuti ali ndi zochita kwina. Tsiku lonselo anakweza munthu mmodzi yekha, mkulu wina wosaona bwino.

Koma chomupweteka kwenikweni chinali kunyumba. Mkazi wake Martina anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo anamwino anali atanena kuti akachirire ku Likuni chifukwa mwana sanakhale bwino. Galimotoyo anaiguliranso zimenezo. Martina anaiyang'ana kamodzi n'kulowa m'nyumba. Zinali zitatha zaka zinayi chichokere mlongo wake Yona, mphunzitsi, amene anakwezedwa m'galimoto yotere pabwalo la sukulu choko chili m'manja. Palibe ankadziwa kumene ali, ngakhale chimene analakwa.

"Ine m'menemo sindikwera, bambo," anatero Martina. "Bola ndikachirire panjira m'ngolo."

Efulemu anachita manyazi, ndiponso mantha. Anaona kuti mtunduwo uyenera kuchoka mwana asanabwere.

Njira zinali ziwiri. Isake, mnansi wawo amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, anali ndi katoni ya zitini za penti wopopera, ndipo pakamwa pake sipankauma pozitama.

"Mungokhutchumula, n'kupopera, basi. Dzuwa likamapendeka galimoto ili buluu, achimwene."

Njira ina inali ya a Salumu a ku Nathenje, opaka penti magalimoto ndi makina, munthu wosathamanga ngakhale poyankhula. Efulemu atapita nayo, a Salumu anaizungulira galimotoyo akuigogoda ndi chala.

"Za m'zitinizo n'zodzola chabe," anatero. "Mvula ikagwa kawiri, kutuwa kuja kumasuzumiranso. Ine ndimapala mpaka chitsulo chiwale, kunja ndi mkati momwe. Masabata atatu."

Anatsegula kumbuyo n'kutukula benchi kuti amuonetse dzimbiri. Pachitsulo, pamalo poti dzanja la munthu wokhala pabenchi n'kufikapo osaonedwa, panali maina okandidwa ndi kanthu kosongoka, mwina msomali, mwina kachitsulo ka lamba. Ena analembanso ndi mudzi wakwawo. A Salumu anatsitsa benchi ija pang'onopang'ono.

"Izinso zichoka," anatero, maso ali kumsewu. "Ine sindinaone kanthu. Mubwere nayo Lolemba."

Efulemu anavomera ndi mtima wonse. Ankafuna zonse zichoke, zimuchoke ndi m'mutu momwe. Vuto lake linali limodzi, munthuyu sankatha kusunga kanthu m'mimba. Atafika kunyumba, asanamalize n'kusamba m'manja komwe, anali atamuuza kale mkazi wake za mainawo.

Martina anasiya nyemba zimene ankasankha. Anapita kugalimoto ija, imene sanaikhudzepo n'kamodzi komwe, n'kukwera movutikira, nagwada ndi mimba yakeyo. Anayenda ndi chala dzina lililonse. Maliko wa ku Diamphwe. Gilibati. Lina linathera pakati. Onse anali asanu ndi awiri. Anabwerezanso kuyambira pamwamba. Dzina la Yona panalibe.

Efulemu anaima pakhomo la galimoto akusowa poika manja. Ankadikira kulira, koma Martina anangopukuta fumbi pa mainawo ndi nsonga ya chitenje.

"Pitani mukatenge zitini za a Isake," anatero.

"Mayi, penti ameneyo sakhalitsa. A Salumu anena kuti..."

"Akakanganuka mudzapoperanso."

"Nanga akadzatiimitsa pamsewu, wina n'kutukula benchiyo? Mukufuna mwanayu adzakule ngati ana a alamu a Yona?"

Funsolo linali loona, ndipo Martina sanalipeputse. Anaika dzanja pamimba.

"Achimwene anganso analemba penapake," anatero motsitsa mawu. "Ndikuwadziwa, sakanakhala osalemba. Galimoto imene inawatengayo ili ndi munthu wina lero, nayenso akufuna kuipala. Ine ndikungopempha kuti mkazi wake akane."

Lolemba Efulemu sanapite ku Nathenje.

Anaipaka Loweruka pansi pa mtengo wa mango. Martina anamata yekha nyuzipepala pamagalasi ndi phala, pepala lina n'kulimata pansi pa benchi, kenako anakakhala patali chifukwa cha fungo. Kunena zoona, ntchitoyo inaipa. Penti anayenderera m'zitseko, mphepo inamatapo fumbi ndi timasamba, ndipo zitini zinatha denga lisanakwane, mwakuti analimaliza ndi zofiira. Isake yekha ndiye ankati zakongola.

Pamsika anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kuipatsa dzina loti Nkhanga. A Salumu ataiona ikudutsa anapukusa mutu, komabe anaikwezera dzanja. Anthu aja, akali kuseka choncho, anayamba kukwera ndi matumba awo.

Tsiku la Martina linafika m'mawa wina wa Lachinayi. Efulemu anamutsegulira kutsogolo, pampando wofewa, koma iye anakana. Anakwera kumbuyo pamodzi ndi mayi ake, ndipo msewu wonse wa ku Likuni, ululu ukabwera, ankagwira pansi pa benchi.