Dzanja Lamanzere

Chilandirire njinga yamoto ya ku ofesi ya maphunziro, mayi wina, mlangizi wa aphunzitsi, anali asanamvepo nthabwala mpaka kumapeto kwake. Ankati akangoponda pakhomo la chipinda cha aphunzitsi, wolankhula ankameza mawu otsala, oseka n'kuyamba kufunafuna zolembera m'matumba, wina n'kudzuka msangamsanga kumukokera mpando wabwino kuposa yonse, uja wa miyendo inayi yofanana. Ulemu wotere umazizira. Zaka zitatu anakhala pa mipando yabwino m'masukulu khumi ndi anayi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe womuuza kuti wanenepa kapena waonda.

Ntchito yake inabwera ndi silabasi yatsopano. Boma litasintha zophunzitsa m'mapulayimale onse, linatumiza buku la mphunzitsi, chibuku chonenepa chonena chilichonse: sabata yakuti, tsiku lakuti, yamba ndi chakuti, pakatha mphindi zisanu uchite chakuti. Pa tchuthi mlangizi ankasonkhanitsa aphunzitsi n'kuwaonetsa mmene angagwiritsire ntchito bukulo. Sukulu zikatsegulidwa ankawayendera mmodzimmodzi. Ankakhala kumbuyo kwa kalasi ndi fomu ya timabokosi makumi awiri, phunziro likatha n'kukambirana ndi mphunzitsiyo zomwe zayenda ndi zomwe zavuta. “Sindinabwere kudzagwira munthu, ndabwera kudzathandiza,” ankatero paliponse, mpaka mawuwo anaperepeseka ngati chidendene cha nsapato. Aphunzitsi ankagwedeza mitu mwaulemu, maso ali pa fomu.

Kunyumba nako kunalibe womusokoneza. Mwamuna wake anamwalira kalekale, mwana wake mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali, ndipo chipinda chomwe ankagona mwanayo chinadzaza makatoni a mabuku oyembekeza kugawidwa. Akaweruka ankatsegula wailesi, osati kuti amvere, koma kuti m'nyumbamo mukhale wina wolankhula.

Ndiye tangoganizani mmene mtima wake unadumphira ataona, pa mndandanda wa aphunzitsi osamutsidwira m'dera lake, dzina la mnzake wakale, uja aliyense ankamutchula kuti Choko.

Zaka khumi anaphunzitsa moyandikana ndi mayi ameneyu, m'makalasi awiri olekanitsidwa ndi khoma losafika kudenga. Wina akaphonya nyimbo uku, mnzake ankaseka uko. Ankamutcha Choko chifukwa ankaweruka atayera mbee kuyambira m'tsitsi mpaka m'siketi, ndipo mlangiziyu, poti ankakhalira kumusasa kumsana, anapatsidwa lakenso: Dasitala. Fulasiki yawo ya tiyi inali imodzi. Pa maliro a mwamuna wa Dasitala, Choko ndiye anagona naye m'nyumba milungu iwiri. Koma Dasitala atakwezedwa n'kusamukira kuno, mafoni anayamba kufupika, mpaka anangotsala a “muli bwanji kumeneko”.

Awiriwa anali ndi kachinsinsi kawo. Masiku amenewo kunali woyendera masukulu wina, bambo wa cholembera chofiira, amene ankaliritsa ngakhale aphunzitsi a imvi. Tsiku lina atamva kuti akubwera, Dasitala ndiye anatulukira nzeru. Anauza ana kuti mlendo akabwera, funso lililonse aliyense akweze dzanja: wodziwa yankho akweze lamanja, wosadziwa akweze lamanzere, aphunzitsi adziwa okha woti amuloze. Bambo uja anaona manja ali njo kalasi yonse, n'kulemba m'lipoti kuti chiyambire ntchito sanaonepo ana ochangamuka chotero. Atangokhota pa geti, awiriwo anakagwa kuseri kwa kalasi, kuseka mpaka kugwira nthiti.

Lachiwiri loyendera sukulu ya Choko litakwana, mlangizi analongedza m'chikwama fomu, fulasiki, mabanzi anayi ndi makapu awiri. Kapu yachiwiriyo anachita kuitsuka kawiri, poti inali itakhala m'kabati mpaka kugwira fumbi. Msewu wonse ankayeseza mumtima mmene adzayambire nkhani ya bambo wa cholembera chofiira. Anali wamkulu ndithu, wa udindo wake, koma ankangomwetulira yekha m'chipewa cha njinga ngati mwana wopita kwa azakhali.

Anapeza bwalo la sukulu litasesedwa mpaka mizere ya tsache ikuoneka. Ahedi anamuchingamira pa geti, tayi ili pakhosi kunja kukutentha. Pakhomo la Sitandade 3 panaima mayi wovala bulauzi yabuluu yositidwa bwino, yopanda ndi kadontho komwe ka choko. Mlangizi anachita kuyang'ana kawiri.

“Takulandirani, amlangizi,” anatero Choko.

“Iwe! Amlangizi ndiye ndani? Tabwera kuno ndikuone. Wayamba liti kuyera m'mutu popanda choko?”

Choko anamwetulira pang'ono, maso n'kuthawira kwa ahedi. “Ana akudikira, madamu.”

Mlangizi anadziuza kuti ndi chifukwa cha ahediwo. Munthu wangofika kumene pa sukulu, sangamakumbatirane ndi akuluakulu pamaso pa bwana wake. Analowa n'kukakhala kumbuyo, pa mpando wabwino umene anamuikira.

Ana anali pafupifupi makumi asanu ndi anayi, atapanikizana anayianayi pa desiki. Phunziro linali la masamu, sabata yachisanu ndi chinayi, tsiku lachiwiri: kuchotsera kobwereka. Choko anaphunzitsa ngati analemba bukulo ndi iyeyo. Ananyamula timitengo tomangidwa khumikhumi, anamasula mtolo umodzi ana akuona, anachita yekha, kenako anachitira limodzi ndi kalasi. Mlangizi ankachonga timabokosi, mtima uli mbee. Mawu anali omwe aja ankawamva pamwamba pa khoma zaka khumi, okhuthala, osathamanga.

“52 kuchotsa 7,” anatero Choko akulemba pa bolodi. “Ndani atiuze?”

Manja anangoti njo, kalasi yonse.

Kutsogolo kwa mlangizi kunakhala kamtsikana ka juzi yong'ambika pachigongono. Kanayamba kukweza dzanja lamanja, kanayang'ana pa bolodi, kanaluma mlomo, n'kulitsitsa msangamsanga. Kanakweza lamanzere.

Cholembera cha mlangizi chinaima. Anayendetsa maso mzere ndi mzere, kuwerenga. Okweza lamanja sanakwane ndi makumi atatu omwe. Choko analoza mnyamata wa pakona, wa dzanja lamanja, ndipo anakhoza. Funso lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Kamtsikana kaja kanatopa, kanayamba kuchirikiza chigongono ndi dzanja linalo, koma sikanatsitse. Kanauzidwa zochita, ndipo kanali kamwana komvera.

Mlangizi anawerama n'kukapempha kope mwakachetechete. Ntchito yomaliza inali ya dzulo lake, masamu ophatikiza, a sabata yachisanu. Masamba asanu ndi limodzi a m'mbuyo anali omwewo, kubwereza ndi kubwereza, lililonse lochongedwa ndi dzanja la Choko, pena atajambula timitengo m'mbali kuti mwanayo awerenge. Mphunzitsi uyu sanali waulesi. Anaima dala kudikira ana ake, n'kubisa kuti waima.

Kunamizidwako sikunamupweteke. Mlangizi amanamizidwa mlungu uliwonse, amazolowera ngati fumbi la mumsewu. Chinamupweteka n'chakuti Choko, atamva kuti Dasitala akubwera, sanaganize za tiyi. Anaganiza za bambo wa cholembera chofiira.

Mlangizi akanatha kuimirira n'kunena kuti, “Tamufunsani uyu wa juziyu.” Alangizi amaloledwa kutero. Anabweza kope kwa mwini wake, n'kudikira mpaka belu la buleki linalira.

Ana atakhamukira panja, anatsala awiri m'kalasimo. Mlangizi anakokera mpando wake pa tebulo la mphunzitsi, chikwama n'kuchiika pafupi ndi phazi. Choko sanakhale pansi mpaka atauzidwa.

“Mwaliona bwanji phunziro?” anafunsa, manja atawapinda pamiyendo.

Mlangizi anali ndi mawu oyambira zokambirana, aja anawaphunzitsa ku maphunziro a alangizi, oti uyambe ndi kuyamikira zinthu ziwiri. Anawasiya. Anangokweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono, n'kulisiya m'mwamba.

Milomo ya Choko inanjenjemera. Kwa kanthawi kochepa zinaoneka ngati aphulika kuseka, ndipo mlangizi anali atakonzeka kale kugwa naye pansi. Koma Choko anangoyang'ana pawindo.

“Ndiye mwaona.”

“Ndinayambitsa ndine, Choko. Unaiwala?”

“Sindinaiwale. Ndimati mwina munaiwala ndinu.”

“Ana ako ali sabata yachisanu.”

“Eya, ali sabata yachisanu.” Mawu ake anauma. “Buku likuthamanga, ana akukwawa. Ndawapeza ena sadziwa n'komwe kuti khumi ndi chiyani. Ndikathamanga ndi buku, ndisiya ana makumi asanu ndi limodzi m'mbuyo. Ndikakhala ndi ana, fomu yanuyo inena kuti mphunzitsi watsalira ndi masabata anayi. Ndiye ndipange bwanji?”

“Ukanandiuza, iwe! Ntchito yangatu ndi imeneyo. Bukulo lili ndi masiku obwereza, tikanakhala pansi n'kuona pogwirira. Tikanawagawa m'magulu anawa. Si iwe wekha, masukulu onse akulira ndi sabata imeneyi. Ine ndikamva zoona ndiye ndimakhala ndi chokanena kumtunda.”

“Fomuyo imapita kuti?”

“Ku ofesi.”

“Pamwamba pake pali dzina la ndani?”

Mlangizi anayang'ana pepalalo ngati akuliona koyamba.

“Andisamutsa kale kamodzi chaka chino,” anatero Choko, tsopano motsitsa. “Amayi ndili nawo kunyumba, sayendanso. Sindingasamuke kawiri. Mukanakhala inu, mukanatani?”

Onse awiri ankadziwa zimene mlangiziyo anachita nthawi imene woyenderedwa anali iyeyo.

Panja ana ankasewera mpira, phokoso lawo likulowera m'mawindo opanda magalasi. Mlangizi anayang'ananso timabokosi take. Tonse tinali toona: phunziro linali la sabata yoyenera, zipangizo zinalipo, ana onse anakweza manja. Pa malo olembapo ndemanga analemba mzere umodzi, woti mphunzitsi amawadziwa bwino ana ake. Anatembenuza fomuyo. Choko anaiwerenga yonse kuyambira pamwamba, chala chikutsatira mzere uliwonse, ngati munthu wosakhulupirira wogulitsa. Kenako anasayina.

“Tamvera,” anatero mlangizi. Mawu ake anatuluka aang'ono, iye mwini mpaka anachita nawo manyazi. “Lachinayi ndibweranso. Fomu ndiisiya kunyumba, ngakhale cholembera sinditenga. Undipatse amanzere aja ndikakhale nawo pakhonde ndi timitengo tawo, iwe upitirize ndi enawo. Ndasowa kuphunzitsa, Choko. Ndakusowa iweyo. Tichite ngati kale.”

Akulankhula choncho, dzanja linali litalowa kale m'chikwama, litagwira khosi la fulasiki.

Choko anamuyang'ana. Maso ake anafewa, ndipo mlangizi anaona bwinobwino kuti mayiyu sakumuda, mwinanso akumumvera chisoni. Belu linalira. Choko anaimirira, anabwezera mpando wake pansi pa tebulo osaulizitsa.

“Zikomo kwambiri, mwatiganizira,” anatero mokoma mtima. “Mudzandiimbire Lachitatu mundiuze nthawi yomwe mufike, kuti tikonzeke.”

Anatembenuka kuti akaitane ana. Pa bulauzi yabuluu ija, kumsana, panali mzere woyera wa choko kuyambira phewa ili mpaka ilo, pomwe anatsamira bolodi. Dzanja la mlangizi linatuluka m'chikwama lokha, osafunsa mwini wake, kuti likasase monga linkachitira zaka khumi. Koma Choko anali atafika kale pakhomo, akuomba m'manja kuitana ana ake.

Dzanjalo linatsala m'mwamba, m'kalasi yopanda munthu, popanda woliloza. Analitsitsa, anatseka chikwama n'kuchikoleka paphewa. Popita pa njinga anadutsa pakati pa ana akuthamangira m'kalasi, onse akumupatukira mwaulemu, makapu awiri aja akugundana m'chikwama.