Zikhadabo za Fuatino

Dzino la kutsogolo la mng'ono wanga Fuatino linabenthuka m'tchalitchi, nyimbo ili mkati. Anali atalowetsanso chala m'kamwa. Nditamuyang'ana ndinaona timagazi pa diresi lake loyera.

Titafika kunyumba aliyense anali ndi zonena.

"Kakhoswe iwe," anatero azakhali a Leitu. "Tikupatse mphasa uzitafuna?"

"Mumupake tsabola m'zalamo," anatero bambo, n'kugona chagada.

Palibe amene anamufunsa chifukwa chake. Ine ndinamufunsa m'basi popita kuchipatala ku Tuasivi, ndipo anayankha akuyang'ana panja.

"Lolemba aphunzitsi amaona zikhadabo. Zikakhala zakuda amatimenya ndi lula pansonga pa zala."

Lamlungu lililonse m'mamawa Fuatino ndi amene amapala nthochi ndi kufukula chakudya pamiyala yamoto, mwaye n'kulowa m'zikhadabo mpaka mkati. Tikaweruka kutchalitchi mudzi wonse wapuma, ndipo bambo, poti ndi dikoni, salola ngakhale sizasi kulira pakhomo pawo. Ndiye mwana wa zaka zisanu ndi zitatu atani? Amazikukuta yekha, kuthawa lula.

Dokotala anamuunika m'kamwa n'kupukusa mutu.

"Limeneli ndi lachikulu, silimeranso. Linzakeli nalo layamba kuperepeseka, nkhama zatupa chifukwa cha litsiro la m'zikhadabo. Akapitiriza, tidzazula."

Ndinapita kusukulu. Mayi Pelenato, aphunzitsi akewo, anandimvetsera akusenda papaya.

"Tonse tinakula nayo lula, Sefulu. Ukhondo ndi ukhondo. Kodi iwe sukulu unalekezera pati paja?"

Ndinatuluka ndisanatukwane.

Lamlungu lotsatira titadya, anthu atayala mphasa zogonera, ndinatenga beseni, sopo ndi kasizasi ka amayi. Ndinakhala pamasitepe poonekera, mbali ya kumsewu. Nyumba zathu zilibe makoma, mudzi wonse unkaona.

"Bwera kuno, Tino. Tambasula dzanja."

"Sefulu!" Bambo anadzuka. "Lero ndi tsiku lanji?"

"Lamlungu, bambo."

"Ukufuna akuluakulu a mudzi andiitanitse? Undichititse manyazi?"

"Akakuitanani munditenge. Ndikawatsegulira kukamwa kwa mwanayu aone okha. M'mawa muja amapala nthochi zanu sinali ntchito? Ntchito yayamba pano?"

"Ee, pakamwa pa mtsikana ameneyu!" anatero azakhali. "Adzakwatiwa ndi ndani?"

"Ndi wa mano, azakhali."

Dzanja limodzi la Fuatino linali m'dzanja langa. Linalo linali litayamba kale ulendo wopita kukamwa. Bambo analiona, analitsatira ndi maso mpaka pa dzino lobenthukalo.

"Tembenukirani kuseri," anatero motsitsa mawu. "Abusa asaone."

Sindinatembenuke. Ndinatsitsa dzanja linalo, n'kuliviika m'madzi, ndipo ndinayamba ndi chala chachikulu.