Nambala ya Mayi Saumu

Ku Rugare, kuseri kwa nyumba zomalizira, kuli dambo limene amayi amalimamo chimanga nthawi ya dzinja. Chimanga chikachoka, dambolo limasanduka bwalo la gofu wa zimbale. Musaseke. Masewerawa anabwera ndi mphunzitsi wina, Tsungai, amene anachokera kunja ndi chikwama cha zimbale zapulasitiki, n'kupempha wowotcherera zitsulo kuti amupangire madengu asanu ndi limodzi olendewera maunyolo. Umaponya chimbale uli patali, n'kuchilondola, n'kuponyanso mpaka chigwere m'dengu, ndipo woponya kochepa ndiye wapambana. Anthu anati ndi za ana. Koma amene anakakamira zenizeni anali madala awiri opuma ntchito ya njanji, Bambo Osmani ndi mnzawo Bambo Luka, ana a anthu ochokera ku Malawi, okulira msewu umodzi.

Lamulo lalikulu linali limodzi, ndipo Tsungai ankalibwereza mpaka kutopetsa. Lemba dzina ndi nambala ya foni kunsi kwa chimbale chako. Wotola aimbe nambalayo tsiku lomwelo. Chopanda dzina ndiye cha wotola.

Chimbale cha Bambo Osmani chinali chachikasu, chokhala ndi kachipsera m'mphepete pamene chinakhudza chitofu cha palafini. Anachilemba ndi akazi awo, Mayi Saumu, amene anaphunzira kulemba atakula kale, ndiye ankalemba pang'onopang'ono, lilime lili panja. Analemba kuti, "Osmani wa Saumu. Mukatola imbani." Nambala anaikapo yawo.

"Bwanji osaika yanga?" anafunsa Bambo Osmani tsikulo.

"Yanuyo mumaimva inu? Foni imalira m'thumba mwanu, inu n'kumayang'ana kwa aneba."

Mayi Saumu anamwalira mu Febuluwale. Zovala zawo anagawana achibale, ndipo foni yawo Bambo Osmani anaizimitsa n'kuiika pansi pa sutikesi. Mu Juni, mphepo yozizira ija itayamba, anaponya chimbale pa dengu lachitatu, mphepo n'kuchinyamula kukachitaya m'bango la kufupi ndi njanji. Anachisaka mpaka mathalauza ananyowa kufika m'mawondo. Bambo Luka anasaka nawo, akukankha bango ndi ndodo.

"Chapita ichi, Che Osmani," anatero. "Tiyeni, mudwala nazo izi."

Bambo Osmani sanade nkhawa kwambiri, poti lamulo linalipo. Atafika kunyumba anatsegula sutikesi, natulutsa foni ija, naitchaja. Magetsi akathima ankapita nayo kugolosale ya Kudzai, komwe kuli sola, n'kukhala pa kreti kudikira. Milungu itatu anayenda ndi mafoni awiri, yawo m'thumba la thalauza, ya malemu m'thumba la malaya, pamtima. Munthu amene sankamva foni yake uja tsopano ankadzidzimuka ndi belu la njinga. Kumzikiti ankaitsitsa mawu, koma osaizimitsa. Kwa anthu ankati akudikira chimbale chabwino, ndipo linali bodza. M'nyumba monse munalibe kalata, munalibe kope, munalibe chilichonse cholembedwa ndi dzanja la Saumu kupatula mawu asanu aja ndi nambala. Anali atawasowa mayiwo mpaka kuwawa m'chifuwa.

Foni sinalire.

Loweruka lina m'mawa anali atatu pabwalo, madala awiriwo ndi Tsungai. Bambo Osmani ankaponya chimbale chobwereka, chofiira, chimene chinkangokhotera kumanzere. Pa dengu lachinayi, lovuta lija la kuseri kwa mtengo wa bulugama, Bambo Luka anali atatsalira. Anapisa dzanja m'chikwama, anazengereza pang'ono, kenako anatulutsa chimbale chachikasu n'kuponya. Chinauluka mowongoka, n'kukagwa pafupi ndi dengu. Mtima wofuna kupambana ndi woipa, umamuiwalitsa munthu amene waima naye.

Bambo Osmani sanadikire nthawi yawo. Anayenda ndithu, nawerama, nachitola. Chala chawo chinapeza kachipsera kaja maso asanakaone. Anachitembenuza. Kunsi kunali kopalidwa ndi waya wotsukira mapoto, ndipo pamwamba pa mikwingwirimayo panali zilembo zikuluzikulu zakuda: LUKA.

"Mwachitenga kuti ichi, a Luka?"

"Ndinatola. Chinalibe dzina."

"Chinalibe dzina?"

"Zimbale zachikasu n'zambiri, achimwene."

"Agogo, tiyeni tikambirane bwinobwino," anatero Tsungai, koma palibe anamucheukira.

"Chipsera ichi," anatero Bambo Osmani, "munalipo chikupsa. Munakhala pampando wanga, mukumwa tiyi wa Saumu, n'kuseka mpaka kutsamwa. Lero mukundiuza kuti zachikasu n'zambiri?"

Bambo Luka anavula chipewa, nachivalanso. Anayang'ana kunjanji ngati kukubwera sitima yoti iwapulumutse.

"Ndinabwererako mawa lake," anavomera. "Ndinachipeza. Nditatembenuza ndinaona nambala ija. Che Osmani, ndiimbire foni ya munthu amene ndinaperekeza ndekha kumanda? Dzanja linakana."

"Kuchokera pakhomo panu kufika panga pali nyumba zitatu."

Mwina dzanja la Bambo Luka linakanadi kuimba, ndani angadziwe. Koma dzanja lomwelo silinakane kugwira waya wopalira uja, ndipo Rugare yense ankadziwa kuti chimbalecho ankachisirira kuyambira kale. Chimene chinawapweteka kwambiri Bambo Osmani chinali milungu itatu ija. Kawiri konse Bambo Luka anawapeza kwa Kudzai atakhala pa kreti, foni ya malemu ili pa waya, n'kuwafunsa ndi nkhope yachisoni kuti, "Sanaimbebe?"

Bambo Osmani anaika chimbalecho pansi, pomwe chinagwera, chifukwa dzina limene linalipo silinali lawo. Anabweza chofiira kwa Tsungai n'kumapita kwawo.

M'mawa mwake akuthirira masamba anamva odi pageti. Anali Bambo Luka, atavala jekete ya kutchalitchi, m'manja muli kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Maso awo ankaoneka kuti sanagone.

"Ndalakwa, achimwene. Ndabweretsa."

Bambo Osmani anaika chitini pansi n'kupita pageti, koma sanatsegule. Analandirira pamwamba pa waya. Atamasula anapeza kuti mkuluyo wapalanso, wachotsa dzina lake lomwe, moti kunsi konse kunali mbee, kwayera ngati mbale yotsuka. Anachikweza padzuwa, nachipendeketsa uku ndi uku, kufuna mwina kamchira ka chilembo, mwina seveni uja Saumu ankamudula pakati. Panalibe kanthu. Ntchito yoyamba ikanatha kusiyako kamthunzi, koma yachiwiriyi inali yakhama, ya munthu wofuna kukhululukidwa.

Bambo Luka anapisa m'thumba n'kutulutsa cholembera chatsopano chakuda, nachitambasula pamwamba pa geti.

"Lembaninso, zithe. Takalamba ife."

"Alembe ndani?"

Dzanja la Bambo Luka linakhala m'malere. Pamenepo m'pamene anazindikira chimene anapala.

Bambo Osmani anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Anakhala pabedi, natulutsa foni m'thumba la malaya. Inali yodzaza moto. Anaiyang'ana kanthawi, kenako anadina batani mpaka kuwala kunazima, naibweza pansi pa sutikesi, pamodzi ndi chimbale chopanda dzina chija.

Kunja kunamveka mawu aang'ono. "Odi. Odi, Che Osmani."

Zaka zonsezi Bambo Luka sanaodirepo kawiri pakhomo limenelo, chifukwa Saumu ankayankha ali kukhitchini mawu asanathe. Bambo Osmani sanadzuke pabedi, manja ali pa sutikesi, mpaka anamva nsapato zikuchoka pageti.