Dzuwa la Asewele

Anthu amachitirana nsanje pa zambiri, koma Mayi Pauline a ku Chimwemwe, mu Kitwe, anafika pochitira mnzawo nsanje chifukwa cha dzuwa. Mnzawoyo anali asewele awo, Mayi Tryness a ku Ndola, amene mwana wawo Glory anakwatiwa ndi Lewis, mwana mmodzi yekhayo wa Mayi Pauline. Azimayi awiriwa akakumana ankakumbatirana, kufunsana za miyendo ndi msana, koma aliyense akuyeza chitenje cha mnzake ndi diso la m'mbali.

Nkhani inayamba Lewis atatopa. Iye ankayendetsa lole pakati pa Kitwe ndi Ndola, ndipo malipiro ake ankathera ku lendi ndi mayuniti a magetsi, magetsi akenso obwera ngati mlendo wofulumira kutsanzika. Ndiye anaganiza zogula sola n'kusiya nyumba ya lendi, poti mapanelo sungakhome padenga la eni ake. Amayi ake ndi apongozi ake onse anali amasiye okhala ndi zipinda zopanda anthu. Panalibe wosadziwa kuti denga limene likwere mapanelo ndi limene banjalo likagone pansi pake, pamodzi ndi Chichi, kamdzukulu kamene kankaswera kwa Mayi Pauline makolo ake akapita kuntchito.

Mayi Pauline sanakayike n'komwe. Mwana unabereka wekha angakasankhe denga la apongozi? Anapaka laimu zipinda ziwiri, makatani n'kuchapa, ndipo azimayi anzawo a kutchalitchi onse anauzidwa kuti Lewis akubwerera pakhomo.

Tsiku lina Lewis anafika ndi mmisiri wa sola kudzaona denga. Mmisiri uja sanavutike n'kukwera. Anangoima pabwalo, n'kukweza maso ku mtengo waukulu wa mapeyala, womwe ku Kopala, dera la migodi lomweli, amati kotapela. Mtengowo anaudzala ndi malemu Laston, amuna awo a Mayi Pauline, chaka chimene analembedwa ntchito kumgodi, ndipo tsopano unali utaphimba nyumba yonse.

"Awe mukwai, ayi ndithu, apa dzuwa silifika," anatero mmisiriyo. "Kotapela iyi yatenga lonse."

Lewis anakanda kumutu. "Tikaonekonso ku Ndola, amayi. Kuona chabe."

Kuona chabeko kunabala foni yochokera kwa Mayi Tryness. "Asewele, kuno musanene," anatero mawu ali ofewa ngati akupepesa maliro. "Bwalo lathu lili mbee, dzuwa limatiotcha kuyambira m'mawa. Mmisiri akuti denga lotere sanalionepo. Inu ndiye amwayi, ndi kamthunzi kanu kaja!"

Mayi Pauline anaseka nawo, koma atadula foni mtima unawawira. Zaka zonsezi ankalinyoza bwalo la asewele awo, lopanda ngakhale kamtengo ka mandimu, ndipo ankawatumizira mapeyala m'thumba mowamvera chisoni. Lero umphawi wa mthunzi womwewo wasanduka chuma! Anayamba kumuona Chichi ali ku Ndola, akumwa madzi a mufiriji, akuonera zidole pa TV tsiku lonse, akuphunzira nyimbo za Chipresibateriya za kwa Mayi Tryness mpaka kuiwala chizindikiro cha mtanda. Nsanje inawagwira. Dzuwa n'la Mulungu, anatero mumtima, Tryness analigula liti?

Sanauze munthu. Loweruka, Chichi ali kwa makolo ake, anaitana amuna awiri ocheka matabwa, ndipo anabwera ndi makina awo aphokoso. Oyandikana nawo anasuzumira pampanda, ena n'kufunsa ngati mutu ukuyenda bwino, koma Mayi Pauline anangoti mizu ikuononga maziko a nyumba. Mapeyala osakhwima anagwa mbwee, ana a m'mpanda wina n'kumatola m'malaya. Eni ake analowa m'nyumba n'kukhala pabedi. Thunthu litagwa, nthaka inanjenjemera mpaka mbale kulira m'kabati, ndipo misozi inatuluka yokha. Anaipukuta msanga, n'kudziuza kuti Laston amvetsa, popeza zonsezi n'za mdzukulu wake.

Atatuluka anapeza denga lili poyera, dzuwa likuwomba kuchokera kona mpaka kona. Apo ndiye anamwetulira. Abwere Tryness adzaone ngati ku Kitwe kulibe dzuwa.

Lamulungu atachoka ku Misa sanavule zovala za kutchalitchi. Anakhala pakhonde, thukuta likuyenderera m'khosi, kudikira Lewis ndi banja lake, amene anali atanena kuti abwera. Masana Lewis anatulukira pageti, Glory ali pambuyo atagwira Chichi padzanja. Lewis anaima pomwepo. Anayang'ana chitsa, anayang'ana kumwamba kumene kunali nthambi, kenako amayi ake.

"Amayi, mwachita chiyani?"

"Ndakuchotsera mthunzi, mwanawe. Kamuitane mmisiri wako uja, manje adzaone ngati dzuwa silifika."

Glory anagwetsa nkhope. Lewis anakhala pachitsa paja.

"Mapanelo tinakhoma kale ku Ndola, amayi. N'zimene tabwera kudzakuuzani. Mmisiri ananena zoti tidule mtengo, ine n'kukana. Mtengo wa atate udulidwe chifukwa cha malaiti? Ndinati bola tikakhale kwa apongozi, koma Loweruka lililonse tizibwera naye Chichi kuno, azidzasewera pansi pa kotapela yake."

Mayi Pauline anafuna kukalipa, kufunsa chifukwa chimene sanawauzire msanga, koma anakumbukira kuti nawonso sanafunse munthu. Manyazi ndi chisoni zinawagwira nthawi imodzi, ndipo anangokhala duu, manja ali pamiyendo.

Chichi anali atasiya dzanja la amayi ake. Anazungulira chitsa chija, akuponda utuchi ndi tinsapato take ta kutchalitchi, kenako anabwera kudzaima pamaso pa ambuye akewo.

"Ambuya, kotapela yayenda kuti?"

"Yadwala, mama. Tinaichotsa."

Mwanayo anaganiza kaye, nkhope itachita makwinya chifukwa cha dzuwa. "Ku Ndola kuli agogo a malaiti," anatero. "Imwe ndimwe ambuya a kotapela. Manje muzakhala ambuya a chani?"

Mayi Pauline anatambasula manja kuti amunyamule, koma Chichi anali atatembenuka kale. Anakoka malaya a bambo ake, n'kunena kuti kuno kukutentha, azipita kwa agogo.