Wataye ndi Timilu ta Miyala

Ku ofesi kwathu mpando wa manejala wa nthambi yatsopano unali umodzi, koma oufuna tinali awiri: ine ndi Wataye. Dzinali tinamupatsa chifukwa ngakhale Loweruka amabwera atamanga taye. Timakhala pa desiki imodzi yaitali, ndipo pakati pake anaunjikapo mafayilo kuti chigongono changa chisadumphe malire.

Ndiye kampani inatitengera ku hotela ina ya m'mbali mwa nyanja ya m'mapiri, ati tikaphunzire kugwirizana. M'mawa mwake Bwana anaika kapu ya tiyi pansi n'kuloza chiphiri cha kuseri kwa hotelayo.

"Lero tikwera icho. Ndione amene ali ndi mtima. Za mpando uja ndilengeza tikatsika."

Amayi a ku akaunti anati bondo likuwavuta, atsala pa dziwe losambira. Ena onse matenda anawagwira nthawi yomweyo. Tinatsala atatu.

Mlonda wa pageti la njira anatichenjeza. "Mitengo ikatha, kumwambako ndi thanthwe lokhalokha, njira siioneka. Muzitsata timilu ta miyala tomwe tinaunjika. Mukafika pa kamodzi, muona kanzake. Ndipo nkhungu ikayamba kukwera kuchokera kunyanja, tsikani."

Wataye anali ndi nsapato zatsopano zokwerera mapiri, ndodo ziwiri, chipewa chokhala ndi chingwe. Anayang'ana matenesi anga.

"Aise, mwabwera kudzakwera phiri kapena kudzagula tomato?"

"Nanga inu taye mwaisiya kuti? Mupuma bwanji popanda chokukanyangani pakhosi?"

Koma amene anayamba kulephera kupuma ndi ine. Kumwamba kuja mpweya ndi wochepa, abale. Ukakoka umangomva ngati wamwa tiyi wopanda shuga. Mutu unayamba kugunda, miyendo kulemera. Wataye analanda chikwama cha Bwana n'kuchibereka, akuseka nthabwala zomwe Bwana anali asanamalize n'komwe. Anandisiya.

Nditatuluka m'mitengo ndinafunafuna kamulu koyamba. Kalibe. Kukweza maso, ndinawaona patali: Bwana patsogolo, Wataye pambuyo. Wataye akafika pa kamulu amayerekeza kumanga chingwe cha nsapato, Bwana akangodutsa, iye phazi gwa! Miyala balala. Kotsatira chimodzimodzi. Munthu wamkulu, wa digiri, kumenya mateche miyala kuti mnzake asochere.

Chomwe sanaganize n'chakuti mwala ukakhalitsa pamalo umasiya chizindikiro. Paliponse pomwe panali kamulu panatsala kabwalo kakuda, konyowa. Ndinangotsata timabwalo timeneto, pang'onopang'ono, mpaka pamwamba.

Ndinawapeza akujambulana. Wataye atandiona, nkhope inagwa ngati wamva kuti Lolemba lafika.

"Mwafika?"

"Eya. Njira yake yosavuta, eti?"

Tili mkati mojambula, nyanja inasowa. Pomwe timayamba kutsika, nkhungu inali itatikuta, moti dzanja lako lomwe kuliona bwinobwino ayi. Kuzizira kwake kolowa m'mano. Bwana anali ndi kamalaya kopyapyala, ndipo milomo inayamba kuchita gwagwagwa.

Tinatsika pang'ono, Bwana anaima.

"Pokwera timilu tinalipo. Apa palibe. Tasochera. Njira ili uku."

Kumene amalozako tonse tinakuona kusanade: ndi chiphompho, mbalame zimauluka pansi pako.

"Bwana, njira ndi yomwe ino," anatero Wataye.

"Nanga miyala ili kuti?"

"Mwina mphepo."

"Mphepo yonyamula miyala? Iwe, usandiyese mwana."

Wataye anandisendezera pakamwa kukhutu. "Aise, auzeni. Inunso mwadzera momwemu."

Ine ndinatsegula paketi ya mabisiketi. "Ine mutu ukundipweteka, akulu. Ndinabwera kudzagula tomato."

"Munthu afa apa."

"Ndiye auzeni chifukwa chake miyala kulibe."

"Ndiwe mfiti."

"Mfiti yake yovala matenesi."

Bwana anali atayamba kale kuyenda cha kuchiphompho kuja, manja m'khwapa. Chipewa chawo chinayamba kuzimirira mu nkhungu. Sindiname, ndinali pafupi kukuwa ndekha. Koma Wataye ndiye anayamba kusweka.

"Bwana, imani! Ndinagwetsa ndine. Yonse. Ndimafuna uyu asafike."

Chipewa chinaima. Kenako chinabwerera.

Bwana sanakalipe. Anangoti, "Tsogola. Paliponse pomwe unagwetsa, uunjikenso."

Ndiye tinatsika choncho, Wataye akukwawa ndi maondo, kufufuza timabwalo takuda, kutola miyala ndi zala zouma ndi chisanu. Ine pambuyo ndimathandiza ndi pakamwa.

"Ako kapendekeka, akulu. Manejala amaunjika mowongoka."

"Ndikakupeza ku ofesi."

"Mukandipeza mu ofesi yanga. Muzigogoda."

Mumtima ndinali nditasankha kale makatani.

Titafika m'mitengo, nkhungu inatsala kumwamba, nyanja inaonekanso, ndi maambulera a pahotela. Bwana anakhala pa chitsa akutikita manja. Kenako anandiyang'ana.

"Iwe unali pambuyo pathu."

"Eya, Bwana."

"Miyala itagwetsedwa kale."

"Eya."

"Ndiye unafika bwanji pamwamba?"

Wataye, maondo ali magazi, anayamba kumwetulira. Ndinayesa kunena za mwayi, za Mulungu, koma iye anandithandiza mokoma mtima.

"Anatsata timabwalo tomweti, Bwana. Amadziwa bwinobwino. Nthawi yomwe inu mumapita kuchiphompho, iyeyu amadya mabisiketi."

Bwana anatambasula dzanja. Ndinawapatsa paketi ija. Anadya mabisiketi onse otsalawo.

Madzulo ake, pa chakudya, analengeza. Mpando unapita kwa Amayi a ku akaunti, omwe anadzuka kukalandira bondo lili bwinobwino, tsitsi lidakali lonyowa ndi madzi a padziwe.

Lolemba ndinapeza Wataye atafika kale pa desiki yathu ija. Mpanda wa mafayilo unali utakwera kawiri. Pamwamba pake anaikapo kamwala kakuda kochokera kuphiri kuja.

"Kameneka n'kachiyani?"

"Kuti musasochere, aise. Mbali yanu ndi iyo."

Atapita kukatenga tiyi, ndinakaponya mu thumba la jekete yake. Mpaka pano akudandaula kuti phewa limodzi likumulemera.