Mawu a Mkazi Wake

Anthu ankangomutchula kuti Jambule, chifukwa ngakhale kokagula sopo ankapita kamera ili m'khosi. Ankadyera kujambula maukwati ndi misonkhano, koma mtima wake unali kwina. Ankafuna kupanga kanema woti munthu akamaliza kuonera akhale kaye phee, osadzuka msanga.

Loweruka lililonse lopanda ukwati ankapita kunja kwa tauni, kumene amayi amaphwanya miyala ndi nyundo n'kumagulitsa kwa omanga nyumba. Anajambula zala zawo zong'ambika, makanda ogona pansi pa ambulera, fumbi litakhala pansidze. Atalumikiza zonse pa laputopu, panangotsala mawu ofotokozera.

Anali atapangana ndi muulutsi wina wa pawailesi. Tsiku lake litafika, Jambule anapachika mabulangete m'makoma a kachipinda kosungiramo katundu kuti phokoso la mumsewu lisalowe, anaimika maikolofoni, n'kumadikira. Muulutsi uja anazimitsa foni.

Mkazi wake, amene ankagulitsa kaunjika pamsika, anali pabalaza akusita madiresi a malonda.

“Mayi, tabwerani mungowerengako apa, ndimve ngati makinawa akugwira,” anatero Jambule.

Mkaziyo anatenga pepala, anawerenga mzere woyamba, n'kuseka.

“Bambo, apa mwalemba ngati mukulankhula ndi nduna. ‘Moyo wothina wa amayi a m'madera osatukuka.’ Ndani amayankhula choncho?”

Anaika pepala pansi, n'kumangoyang'ana zithunzi zikuyenda, akufotokoza m'mawu akeake, pang'onopang'ono, ngati akuuza mnzake wa pabenchi yoyandikana. Jambule anasiya makina akuyenda. Mumtima anati awa ndi ongogwirizira, muulutsi akapezeka tidzasintha. Muulutsi sanapezeke.

Anaika kanemayo pa tsamba lina la pa intaneti pomwe munthu amayamba walipira kuti aonere. Mwezi unatha kuli zii. Amene anaonera akanakwana pampando umodzi wa minibasi, ndipo ambiri mwa iwo anali achibale amene anamuchonderera kuti awatumizire ulere.

“Inu kujambula mumatha, koma malonda ayi,” anatero mkazi wake tsiku lina akupinda zovala. “Ine ndikatsegula belo sindibisa zonse m'thumba. Ndimapachika diresi yokongola pamwamba kuti odutsa aime. Dulani tizidutswa, tiziika ulere. Wofuna zonse alipira.”

Jambule anang'ung'udza kuti kanema si kaunjika, koma anadula. Mkaziyo ndiye ankasankha poti adule, ndiye ankaziika pa masamba a mchezo, ndipo ankayankha ndemanga za anthu pa foni yake yong'aluka galasi akakhala wopanda kasitomala. Kachidutswa kena, ka mayi wachikulire akunena kuti nyundo yake ndi yokhulupirika kuposa amuna onse amene anamufunsirapo, kanayaka ngati moto wa m'tchire. Anthu anatumizirana, n'kuyamba kulipira kuti aone kanema yense. Foni ya Jambule inayamba kulira ndi mauthenga a ndalama, ndipo kwa nthawi yoyamba mwana wawo sanabwezedwe kusukulu.

Anayenera kusangalala, ndipo masiku oyamba anasangalaladi. Chinamupweteka ndi ndemanga.

“Mawu awa ndi a ndani?” “Mayi ameneyu andiliza.” “Mayi wa Mawu, tipatseni kanema wina.” Jambule ankatsitsa chala, kutsitsa, kufunafuna munthu mmodzi yekha amene waona mmene anagwirira kuwala kwa dzuwa m'fumbi muja, atagona chafufumimba pamiyala yotentha. Anamupeza mmodzi wotchula kamera. Analemba kuti, “Wojambulayo dzanja likumunjenjemera pang'ono.”

Panalinso bambo wina wa chithunzi cha suti ndi ndevu zometa bwino, amene analemba kuti, “Mayi, mawu anuwa ndingawamvere mpaka imvi.” Mkazi wake anamuyankha ndi kankhope koseka. Jambule anakayang'ana kankhopeko mpaka tiyi anazizira m'kapu.

“Bambo wa suti uja mukumudziwa?” anafunsa madzulo ake, akudziyesa wotanganidwa ndi kupukuta galasi la kamera.

“Uti? Alipo ambiri a suti.”

Yankho limenelo linam'baya kuposa funso lake.

Kenako kunabwera foni yochokera ku kampani ina imene imagula makanema otere n'kumawagulitsa ku masukulu ndi ku mawayilesi a kanema a kunja. Woimbayo anali mayi wolankhula mwaulemu kwambiri. Anati kanemayo awutenga, ndipo anafunsa ngati angalankhule ndi amayi ofotokozawo, poti ali ndi makanema ena ofunika mawu.

“Mwini wake wa kanemayu ndine,” anatero Jambule.

“Eya, zikomo kwambiri, mwagwira ntchito. Nanga amayiwo tingawapeze bwanji?”

Anati adzawauza. Sanawauze.

M'mawa mwake, mkazi wake atangosenza thumba kupita kumsika, Jambule anapachikanso mabulangete aja. Anafukula pepala lake lakale, anatsokomola, n'kuwerenga yekha ndi mawu okhuthala ngati a wolengeza za maliro. Anachotsa mawu a mkazi wake m'kanema monse, anaikamo ake, n'kubwezera pa intaneti. Atamaliza anamva kupepuka, ngati munthu amene wazula munga kuphazi.

Kupepukako sikunafike madzulo. Ndemanga zinayamba kugwa ngati matalala. “Mwatibera, bwezani ndalama zathu.” “Bamboyu ndani, akutilalikira chiyani?” Mayi wa kukampani uja anaimbanso, ulemu uli womwewo, kunena kuti iwo akufuna kanema amene anaona poyamba, osati uyu.

Mkazi wake anamvera pamsika. Kasitomala wina anatsegula kanemayo kuti aonetse mnzake kuti mayi wogulitsa madiresiyu ndiye Mayi wa Mawu, n'kutulukamo mawu a mwamuna. Onse apabenchi anatembenuka.

Atafika kunyumba sanakalipe. Anatula thumba, anasamba m'manja, anakhala pampando moyang'anana ndi mwamuna wake.

“Bambo, ndakulakwirani chiyani?”

“Kanemayu ndi wanga,” anatero Jambule, maso ali pansi. “Ndapsa ndi dzuwa ine. Ndameza fumbi ine. Inu mwangolowa m'kachipinda umo kamodzi, lero dziko lonse likuti Mayi wa Mawu, Mayi wa Mawu. Ine ndasanduka dzanja lonjenjemera.”

“Ndiye ine ndinakulandani chiyani? Munandiitana ndinu.”

“Nanga wa suti uja?”

Mkaziyo anaomba m'manja kamodzi, n'kuseka kuseka kopanda chimwemwe.

“Ndiye nkhani ndi imeneyo? Munthu sindikudziwa ngakhale dziko limene ali. Ndimaseka ndi aliyense amene walipira, ngati mmene ndimasekera ndi ogula siketi. Ndipo a kampani andipeza okha, anandilembera pa tsamba langa. Akuti anakuuzani dzulo.”

Jambule anatsegula laputopu. Mawu akale anali asanawafufute, anangowabisa m'chikwatu china. Anawabwezera mkazi wake ali pomwepo akuyang'ana, ndipo anapepesa chapansipansi, mopita m'mphuno.

Kampani inatenga kanemayo, dzina la Jambule lili poyambirira m'zilembo zikuluzikulu, ndipo malipiro ake anali oti anasiya kuthamangira maukwati a anthu okakamira kutsitsa mtengo. Koma pa ntchito zatsopano za mawu, mkaziyo anakana kujambulira kunyumba.

“Ndikajambulira kwa eni ake. Kuno mawu amasowa,” anatero.

Tsiku loyamba Jambule anamuperekeza yekha, osapemphedwa. Situdiyoyo inali pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo eni ake anamuuza kuti adikire pakhonde, pampando wapulasitiki. Chitseko chikatseguka ankamva mkazi wake akuseka ndi mnyamata wa makina, kenako chinkatsekeka. Ankadziuza kuti mnyamatayo waika maikolofoni patali kwambiri, iyeyo akanaika bwino.

Mtsikana wolandira alendo anasuzumira kuchokera pa desiki yake.

“Pepani bambo, ndinu adalaivala awo?”

“Ndine mwamuna wawo.”

“Eee, koma ndinu amwayi! Ndiye kunyumba amalankhulanso choncho?”

“Nthawi zina,” anatero Jambule. Anakonza kamera m'khosi kuti ioneke bwino. “Inenso ndimapanga makanema.”

Koma foni ya pa desiki inali italira, ndipo mtsikanayo anali atayamba kale kuyankha.